Mlendo Amene Anakana Kukamuka: Ulendo Wathu wa ku Chilumba cha Anglesey



M'mwezi wa Okutobala chaka cha 2023 tinali ndi mwayi, mwa chifuniro cha Allah, wokacheza kwa achemwali athu amene akhala mu mzinda wa Manchester ku Mangalande kwa zaka zambiri tsopano. Za kuzizira kwa dzikolo ndi za madrasa a kumeneko tidzakamba tsiku lina. Lero tikufuna tikuuzeni za kanyama kamene ambiri a ife tinakagendapo ndi legeni tili ana kobusa mbuzi, ndiye gologolo. Musaseke ayi. Kumeneko nkhani ya gologolo inafika ku nyumba ya malamulo, inafika ku makhoti, ndipo m'nyumba imene tinafikira ife inaliza mwana.

Kuseri kwa nyumba ya achemwali kuli kabwalo kakang'ono kotchinga ndi mpanda wa matabwa. M'mawa uliwonse tikatha kuswali Subuhi, kunja kukayamba kuyera, pa mpandapo pankafika gologolo wotuwa, wonenepa bwino, mchira wake ngati tsache latsopano. Poyerekeza ndi agologolo a m'mapiri a kwathu ameneyu ndi chimphona, ndipo saopa munthu mpang'ono pomwe. Mwana wamkazi wa achemwali, wa zaka 9, ankamuikira mtedza pa zenera, ndipo tinazindikira mochedwa kuti unali chalimbana yemwe tinasenza kuchokera kumudzi kuti akhale mphatso ya akuluakulu.

Alamu athu sankamuona ndi diso lomwelo. Chaka cham'mbuyo gologolo wina analowa kudenga natafuna mawaya a magetsi, ndipo ndalama zokonzetsera zinawawawa kwambiri. Tsiku lina pa chakudya chamadzulo ananena kuti akagula msampha. Mwana anafunsa kuti akamugwira akamutaya kuti, ndipo bambo ake sanamubisire: lamulo la dzikolo silimalola munthu amene wagwira gologolo wotuwa kukamumasula kwina, ayenera kuphedwa basi. Mwanayo anasiya mpunga m'mbale, misozi ili mbwe-mbwe-mbwe, natembenukira kwa ife.

"Amalume, inu mumaphunzitsa ku madrasa. Kodi limeneli si tchimo?"

Kunena zoona, tinasowa choyankha usiku umenewo. Alamu ndiwo anatipulumutsa ponena kuti Loweruka tonse tipite tikamuone gologolo winayo, amene lamulolo likuteteza, kenaka tidzaweruze titaona mbali zonse ziwiri.

Dziwani abale kuti ku Britain kuli agologolo a mitundu iwiri. Mwini dziko ndi wofiira, wamng'ono thupi, wolemera pafupifupi magalamu 300, wa tiubweya tosongoka kunsonga kwa makutu. Wakhala m'nkhalango za kumeneko kwa zaka zikwizikwi. Wotuwayu kwawo ndi kum'mawa kwa North America, ndipo amalemera pafupifupi kawiri kuposa mnzakeyo. Sanasambire nyanja kuti afike ku Britain. Anamunyamula ndi anthu a chuma amene ankafuna chokongoletsa m'minda mwawo. Zolembedwa zimati mu 1876 Thomas Brocklehurst anamasula agologolo otuwa ku Henbury Park m'chigawo cha Cheshire, mtunda wosakwana ola limodzi pa galimoto kuchokera pamene tinkagona ife. Mu 1890 ena anamasulidwa ku Woburn Abbey, kwa a Duke a ku Bedford, ndipo kuchokera kumeneko ankaperekedwa ngati mphatso kwa eni minda ena. Ku Ireland anafika mu 1911 ku Castle Forbes. Abale athu amene amagwira ntchito ku Cape Town amamudziwanso gologolo yemweyu, pakuti Cecil Rhodes anamupititsa kumeneko, ndipo mpaka lero amalandira mtedza m'manja mwa alendo mu Company's Garden.

Makolo amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ameneyu anakana. Pamene boma linaletsa mu 1937 kulowetsa kapena kusunga agologolo otuwa, madzi anali atafika kale m'khosi. Lero akatswiri amati otuwa alipo oposa 2.5 miliyoni, pamene ofiira sakwana 300,000, ndipo ambiri mwa otsalawo ali ku Scotland.

Ife tinkaganiza kuti wamkuluyo amaluma ndi kupha wamng'onoyo, koma si mmene zimakhalira. Wotuwa amatha kudya mtedza wa mtengo wa oak, ngakhale wosakhwima, umene mimba ya wofiira siugaya bwino, choncho amamaliza chakudya mnzake asanayambe nkomwe. Wofiira akaperewera chakudya saswana mokwanira, ndipo pang'ono-pang'ono mtundu umazilala. Koma chachikulu ndi nthenda. Wotuwa amayenda ndi kachilombo ka nthomba ya agologolo kamene iye sikamudwalitsa, koma kakalowa mwa wofiira kamatulutsa zilonda m'maso, pakamwa ndi m'mapazi, kanyamako kamalephera kuona ndi kudya, ndipo kamafa pasanathe milungu iwiri kapena itatu. Ku Formby, kufupi ndi Liverpool, nthendayi itabuka cha mu 2008 inapha pafupifupi agologolo ofiira asanu ndi atatu mwa khumi alionse. Eni nkhalango nawonso ali ndi dandaulo lawo, chifukwa wotuwa amasenda makungwa a mitengo ing'onoing'ono, mtengo nkuuma kapena kupindika. Lipoti la bungwe la Royal Forestry Society la 2021 linati kuonongaku kumadya mapaundi osachepera 37 miliyoni pa chaka ku England ndi Wales.

Loweruka lija tinanyamuka mbandakucha, alamu ali pa chiongolero, tiyi ndi mandasi a achemwali zili m'basiketi. Tinatsata msewu wa A55 umene umayenda m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Wales, nyanja kudzanja lamanja, mapiri kudzanja lamanzere, ndipo mtima unakumbuka msewu wa ku Chiweta. Zikwangwani za m'misewu kumeneko zimalembedwa m'zinenero ziwiri, Chiwelishi ndi Chingerezi, ndipo chilumba chimene ife timati Anglesey eni ake amachitcha Ynys Môn. Patapita maola awiri tinafika pa mlatho wa Britannia. Pansi pake pali madzi a Menai, amene amalekanitsa chilumbachi ndi mtunda, ndipo pamalo opapatiza kupingasa kwake ndi mamita ngati 400 okha. Chapatali pang'ono tinaona mlatho wina wakale wolenjekeka pa maunyolo, umene Thomas Telford anamaliza kumanga mu 1826. Musaganize za kachilumba ngati Boadzulu. Likoma angalowe mu Anglesey pafupifupi ka 40, ndipo muli matauni, minda ya nkhosa ndi nkhalango.

Madzi a Menai ndiwo mutu wa nkhani yonseyi. Agologolo otuwa anafika pa chilumbachi m'zaka za m'ma 1960, ndipo pofika 1998 ofiira akuluakulu otsala sankakwana 40, pafupifupi onse atapanikizika m'nkhalango imodzi ya paini kufupi ndi Pentraeth. Mayi wina wachikulire wokonda zachilengedwe, Esmé Kirby, ndiye analimbikitsa kuti pachitike kanthu, ndipo katswiri wa agologolo Dr Craig Shuttleworth anatsogolera ntchito yotchera misampha. Inatenga zaka zoposa 15. Otuwa zikwi zingapo anaphedwa. Ofiira ena anabweretsedwa kuchokera kumalo osungira nyama namasulidwa m'nkhalango monga ya Newborough kuti magazi asakhale a banja limodzi. Mu 2015 kunalengezedwa kuti pa chilumbachi palibenso wotuwa, ndipo ofiira anali atafika pafupifupi 700. Ena mpaka anaoloka kukayamba moyo ku tsidya la ku Bangor. Koma mlatho susankha woyendapo. Nthawi ndi nthawi wotuwa amapezeka ataoloka, ndipo ntchito yolondera siinathe.

Tinakaima mu tauni ya Llangefni, pakati pa chilumba, pamene pali kachigwa ka mitengo kotchedwa Nant y Pandy. Mtsinje wa Cefni umadutsa m'menemo, ndipo anamanga kanjira ka matabwa koti ngakhale nkhalamba ndi a pa njinga za olumala ayende bwino. Masamba anali atayamba kufiira ndi kuyoyoka monga amachitira nyengo imeneyo. Tinadikira nthawi yaitali ndithu, zala zitauma ndi chisanu, mwana akuyamba kung'ung'udza kuti tabwerera chabe. Kenaka anatulukira. Anatsika mtengo mutu uli pansi, anatsegula chivindikiro cha kabokosi ka chakudya ndi mphuno yake, natenga mtedza umodzi, nakhala pa nthambi atagwira ndi manja awiri ngati mwana wogwira chikho. Ubweya wake unali ngati dothi la katondo litanyowa. Subhanallah! Mwana uja anagwira mkono wathu mwamphamvu osatulutsa liwu, kuopa kumuthawitsa.

Pomwepo tinakumana ndi mayi wina wachikulire wa m'deralo amene anali ndi kathumba ka mtedza ndi njere za mpendadzuwa. Anatiuza kuti amabwera kawirikawiri kudzadzaza timabokosito ndi kutitsuka ndi mankhwala kuti nthenda isafale. Alamu anamufunsa mosapsatira ngati iye amapha otuwa. Anapukusa mutu nanena kuti dzanja lake silingathe, ndipo sadana nawo konse, koma akaona mmodzi pa chilumbachi amaimba telefoni tsiku lomwelo kwa anthu a misampha, akudziwa bwino lomwe chimene chidzachitike. Anati anaonapo wofiira wodwala nthomba ija, maso atatsekeka ndi mafinya, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake unasankha mbali. Tinaona kuti mayiyu ndi mwana wa achemwali ali ndi chifundo chofanana ndithu, chosiyana ndi gologolo amene aliyense wa iwo amamuona m'mawa.

Zimenezi zikugwirizana ndi zimene ofufuza a Forest Research anapeza atafunsa anthu oposa 3,700 a ku Britain, zotsatira zake nkusindikizidwa mu 2018. Anthu ambiri anakonda njira zosakhetsa magazi, monga mankhwala olera, kusiyana ndi njira zakale zophera, ndipo chiphe ndicho chinakanidwa koposa. Amene ankavomera mosavuta kuti otuwa achepetsedwe anali amuna, achikulire, odziwa zambiri za agologolo, ndi amene akudziwa kuti ntchitoyi ikuchitika kwawo. Vuto lake ndi lakuti njira zimene anthu amakonda si zimene zili m'manja mwa alonda a nkhalango lero. Mwana wobadwira ku Manchester kapena London sanamuonepo wofiira, kwa iye gologolo ndi wotuwa, ndipo mwina ndi nyama yakutchire yokhayo imene amacheza nayo pakati pa nyumba za njerwa.

Otsutsa kupha ali ndi mfundo zimene sitingazitaye kutchire. Amati amene anagwetsa nkhalango zakale ndi munthu, amene anabweretsa wotuwa ndi munthu, nanga bwanji chilango chigwere nyama? Amakumbutsanso kuti wofiira yemweyu, amene lero amajambulidwa pa makapu ndi m'mabuku a ana, dzana ankatchedwa mdani wa mitengo. Ku Scotland gulu la Highland Squirrel Club linapha ofiira oposa 100,000 pakati pa 1903 ndi 1946. Ndipo kupha otuwa kunayesedwapo kale nkulephera: kuyambira 1953 boma linkalipira shileni imodzi pa mchira uliwonse, kenaka mashileni awiri, michira yoposa miliyoni inaperekedwa, koma pofika 1958 analeka ataona kuti agologolo sakuchepa. Pa chilumba chozingidwa ndi madzi ntchito imatha kufika kumapeto, koma pa mtunda waukulu ukachotsa khumi lero, mawa khumi ena alowa kuchokera m'nkhalango yoyandikana.

Alamu anaonjezapo yawo ali kuseka chamumtima. Anati mawu amene nyuzipepala zina zimanenera gologolo wotuwa, kuti ndi wobwera, woswana msanga, wolanda malo a eni dziko, amawamvanso akunenedwa za anthu ngati iwowo. Tinamvetsa kuwawa kwake, koma apa tiyenera kusamala. Munthu ndi munthu, ali ndi nzeru ndi ulemu wake, ndipo amene amayerekeza mlendo ndi chilombo walakwa kale. Koma kulakwa kwa chiyankhulo chotere sikuchotsa zilonda m'maso mwa gologolo wofiira.

Chimene chinatigwira mtima kwambiri ndi zimene zinachitika ku Italy. Kumeneko otuwa ochepa anamasulidwa kufupi ndi mzinda wa Turin mu 1948. Mu 1997, akadali m'dera laling'ono loti nkuwathetsa, akatswiri a boma anayamba kuyesa kuwachotsa ku Racconigi. Magulu omenyera ufulu wa nyama anawatengera kukhoti, ntchito inaima, ndipo pamene akatswiriwo anapezeka osalakwa mu 2000, agologolo anali atafalikira mwakuti kuwathetsa sikunali kothekanso. Anthu amene anapita kukhotiwo anachita mwa chifundo chenicheni, sitikukayika. Koma chifundo chawo chinapulumutsa agologolo amene ankawaona, nkusiya ofiira a m'nkhalango za kutsogolo, amene palibe anawawerenga.

Pali njira zina zimene zikupatsa anthu chiyembekezo. Ku Ireland ndi ku Scotland ofufuza anaona kuti kumene kwabwerera kanyama kotchedwa pine marten, kooneka ngati nyenga koma kokwera mitengo, otuwa amachepa ndipo ofiira amabwerera. Wofiira anakula nako kanyamaka kuyambira kalekale ndipo amadziwa kukathawa akangomva fungo lake, pamene wotuwa sakadziwa bwino. Kuyambira 2015 tinyama timeneti tinayamba kusamutsidwa kuchokera ku Scotland kupita m'nkhalango za pakati pa Wales, ndipo mu 2019 ku Forest of Dean. Akatswiri a boma akhalanso akuyesa mankhwala olera osakaniza ndi chiponde cha mtedza wa hazel, oikidwa m'kabokosi ka chitseko cholemera chimene wotuwa yekha angathe kukankha. Mfumu Charles, amene amadziwika kuti amakonda agologolo ofiira kuyambira asanalowe ufumu, wakhala akuthandizira magulu ochita ntchito zimenezi.

Titaswali Dhuhr pa udzu wonyowa pambali pa galimoto, mwana uja anabwereza funso lake. Sitinapereke fatwa, pakuti si udindo wathu, koma tinamuuza zimene timaphunzitsa ana a msinkhu wake kwathu. Gologolo wotuwa alibe tchimo, akungochita zimene analengedwera. Kuzunza nyama ndi tchimo lalikulu, ndipo ana onse a madrasa amaidziwa nkhani ya mayi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa ndi njala. Kupha mwa masewera kapena mwa chidani nkoletsedwa. Komanso chipembedzo chimalola kuchotsa nyama imene ikubweretsa chionongeko, monga khoswe wa m'nkhokwe, ndipo ma ulama anakhazikitsa kuti pamene mavuto awiri akumana, laling'ono limapiriridwa pofuna kutchinga lalikulu. Ngati kupha kwakhala kofunika, kuchitike mwachangu ndi mosazunza. Apa lamulo la ku Britain silili kutali ndi zathu: msampha wa khola uyenera kuonedwa tsiku lililonse, ndipo kumiza gologolo m'madzi ndi mlandu. Mu 2010 khoti lina ku England linalamula bambo wina kulipira mapaundi oposa 1,500 chifukwa chomiza gologolo wotuwa mu mgolo wa madzi.

Tinamuuzanso maganizo athu kuti Anglesey ndi Manchester si malo amodzi. Pa chilumba pali ofiira oti atetezedwe ndipo ntchitoyo ili ndi phindu looneka. Kuseri kwa nyumba ya ku Manchester kulibe wofiira ngakhale mmodzi, choncho kupha gologolo wa pa mpanda sikupulumutsa aliyense, malo ake adzalowa wina sabata yomweyo. Alamu anatiyang'ana ngati tawagulitsa, koma sanatsutse.

Pobwerera, tikuoloka mlatho uja dzuwa litapendeka, maganizo athu anali ku nyanja ya kwathu. Inu a m'mphepete mwa Shire mukumudziwa namasupuni, duwa lokongola lochokera ku South America limene anthu analifalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha kukongola kwake komweko, lero limatseka madooko ndi kusokoneza makina a magetsi ku Nkula. Ku nyanja ya Victoria anthu anaikamo nsomba yaikulu ya Nile perch m'zaka za m'ma 1950 pofuna kutukula usodzi, ndipo itachuluka m'ma 1980 mitundu pafupifupi 200 ya tinsomba ta m'nyanjamo inasowa. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Timamva alimi ena a nsomba akudandaula kuti makumba ndi chilunguni zimakula mochedwa, bwenzi ataloledwa kuweta chambo chachilendo cha ku Nile chimene chimanenepa msanga. Dandaulo lawo ndi lomveka, pakuti ana akufuna fizi ndi ndiwo. Koma damu limasefukira nthawi ya dzinja, madzi ake amatsikira mu mtsinje, ndipo mtsinje umathera m'nyanja. Anthu a ku Anglesey anali ndi madzi a Menai owathandiza, ndipo gologolo amaoneka ndi maso nkulowa mu msampha. Nsomba yachilendo ikalowa pakati pa chambo chathu nkuyamba kuswana nacho, palibe khoka limene lingaisankhe nkuitulutsa.

Msampha uja sunagulidwe. Lolemba alamu anakwera makwerero natseka mabowo onse a kudenga ndi waya wa sefa, ndipo anadula nthambi imene inkafika pa malata. Mwana anavomera kuleka kuika mtedza pa zenera, ngakhale anavomera milomo itatalika, ndipo anajambula gologolo wofiira wa makutu osongoka nkumata pa chitseko cha firiji.

M'mawa wa tsiku limene tinkanyamuka, wotuwa uja anafika pa nthawi yake. Anayang'ana pa zenera, sanapeze kanthu. Anakhala pang'ono akugwedeza mchira, kenaka anatsikira mu mphika wa maluwa a achemwali, nafukula dothi ndi manja awiri, natulutsa chalimbana amene anakwirira sabata yathayo, nkumudyera pa mpanda pomwepo ife tikuonerera.